Kuyeza liwiro la chipolopolo: chida choyenera gombe la Nkhotakota

Chipolopolo cha mfuti yaikulu chikamatuluka mumpope chimathamanga mamita 700 mpaka 900 pa sekondi imodzi. Liwiro limeneli limaposa kawiri liwiro la phokoso, lomwe ndi mamita pafupifupi 343 pa sekondi mpweya ukakhala pa madigiri 20. Diso silingachione, ndipo munthu amene waima patali amamva kulira kwa mfuti chipolopolo chitadutsa kale. Chida choyezera liwiroli chimatchedwa chronograph. Amene amachifuna kwambiri ndi anthu odzaza okha zipolopolo zawo: amatenga chigoba chamkuwa chimene chinawombedwapo kale, n'kuikamo choyatsira chatsopano, wonga woyezedwa pasikelo ndiponso mutu watsopano, womwe ndi gawo limene limauluka. Munthu wotere alibe fakitale yomuuza kuti chimene wapangacho chithamanga motani, choncho ayenera kuyeza yekha.

Ku Malawi ntchito imeneyi si yofala. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna kuti aliyense wosunga mfuti ndi zipolopolo akhale ndi chiphaso chochokera kupolisi, ndipo kupanga zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu. Ku South Africa zinthu n'zosiyana. Lamulo lawo la mfuti la 2000 limalola mwini chiphaso kudzaza zipolopolo za mfuti yakeyo, ndipo alenje ambiri kumeneko amagwiritsa ntchito wonga wa Somchem wopangidwa ku Somerset West, pafupi ndi Cape Town. Mu September 2018 pafakitale imeneyi panaphulika ndipo anthu 8 anafa. M'zaka zotsatira wongawo unkasowa m'masitolo, moti ambiri anayamba kugula wochokera ku Finland ndi ku America. Wonga ukasintha, liwiro limasinthanso, ndipo chimene chimauza mlenje kukula kwa kusinthako ndi chronograph basi.

Komabe funso la liwiro la chipolopolo si lachilendo ku Nkhotakota. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pamene Salim bin Abdallah anakhazikika pagombeli n'kukhala Jumbe woyamba, mfuti ndi wonga zinkawoloka nyanja m'zombo pamodzi ndi nsalu ndi mikanda, pomwe minyanga ya njovu ndi akapolo zinkalowera kum'mawa. David Livingstone anafika kuno mu 1861 ndi mu 1863 n'kupeza malonda amenewa ali pachimake, ndipo mu 1889 Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe wachitatu. Mfuti za nthawi imeneyo zinali za gogodela, zothirira wonga kukamwa n'kutsendera ndi ndodo. Kuwomba kulikonse kunali kudzaza kwa pamanja, ndipo muyezo wake unali diso ndi chikhatho. Wonga ukachepa, njovu inkathawa ndi bala n'kukhala yolusa. Ukachuluka, mpope unkang'ambika m'manja mwa mwini wake. Mfuti zamtunduwu zikadalipo, ndipo ndi zina mwa zimene a gemu amalanda kwa opha nyama mozembera malamulo, amene kuyambira mu 2017 angathe kulamulidwa kukhala kundende zaka zofika 30.

Masiku ano amene ali ndi chifukwa chomveka chodziwira liwiro la zimene akuwomba ndi oteteza nyama. Nkhalango ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, yakhala ikuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kuyambira mu 2015. Njovu zake zinatsika kuchoka pa 1,500 kufika posakwana 100, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Iliyonse inkayamba yalasidwa ndi jakisoni wogonetsa wowomberedwa kuchokera m'helikopita. Kunja kwa mpanda, mvuu zimalowa m'minda ya mpunga kufupi ndi Chia, ndipo ng'ona za mumtsinje wa Bua ndi wa Dwangwa zimagwira anthu ndi ziweto. Ikafika nthawi yoti nyama yovuta iphedwe, chipolopolo chofooka n'choopsa kuposa kusawomba kumene, chifukwa mvuu yovulazidwa imabwerera m'madzi momwe asodzi amapalasa mabwato awo.

Chifukwa chake nambala ya pabokosi siikwanira

Mphamvu ya chipolopolo siitsika mofanana ndi liwiro lake. Imatsika msanga kuposa pamenepo, poti powerengera mphamvu liwiro limachulukitsidwa ndi lokha lomwe. Mutu wa .375 H&H, mfuti yotchuka ya nyama zikuluzikulu imene inatuluka ku London mu 1912, umalemera magalamu 19.4, ndipo pa mamita 770 pa sekondi umanyamula majoule pafupifupi 5,750. Liwiro likatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, n'kufika pa 693, mphamvu imagwa kufika pa 4,660, kutanthauza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 latayika. Pamapewa a wowomba kusiyanaku sikumveka bwino, koma pachigaza cha njovu kumaoneka.

Nambala yolembedwa pabokosi imachokera mumpope woyesera wa kufakitale, womwe nthawi zambiri ndi wa masentimita 61. Mfuti zambiri za kutchire n'zazifupi kuposa pamenepa, ndipo pa masentimita 2.5 alionse amene mpope wafupika, liwiro limatsika ndi mamita 6 mpaka 9 pa sekondi, kutengera mtundu wa chipolopolo. Mpope wokalamba, umene wadyeka pakhosi pake, umasinthanso nambalayo.

Kenako pali kutentha, komwe ku Nkhotakota si nkhani yaing'ono. Gombeli lili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu October ndi November masana amapitirira madigiri 30. Bokosi la zipolopolo losiyidwa m'galimoto padzuwa limatentha kuposa apo. Wonga wina umawonjezera liwiro ndi pafupifupi theka la mita pa sekondi pa digiri iliyonse, ndipo liwiro likamakwera, mphamvu yopanikiza m'chigoba imakhala ikukweranso. Angelezi anazindikira zimenezi kalekale ndi wonga wawo wa cordite, moti ankapanga zipolopolo zapadera za maiko otentha zokhala ndi wonga wocheperako. Chigoba chachikulu cha .416 Rigby cha 1911 chinapangidwa dala kuti mphamvu yopanikizayo isakwere kwambiri padzuwa la ku Africa.

Nkhani imene odzaza zipolopolo amaikumbukira kwambiri inachitikira kwa anansi athu. Mu 1956 kampani ya Winchester inatulutsa .458 Winchester Magnum n'kulengeza kuti imathamanga mamita pafupifupi 650 pa sekondi. Chigoba chake chinali chachifupi, wonga unkatsenderedwa mwamphamvu, ndipo ukakhalitsa m'dziko lotentha unkaumbika n'kumayaka mosakwanira. Ambiri amene anayeza pambuyo pake ankapeza liwiro losakwana 600. Mu 1959 mlenje wa ku America, Jack Lott, anavulazidwa ndi njati ku Mozambique atailasa ndi mfuti yamtunduwu. Atachira anapanga chigoba chotalikirapo, ndipo mu 1971 panabadwa .458 Lott. Kwa zaka zambiri alenje ankangokhulupirira zolembedwa pabokosi, poti zida zoyezera zinkapezeka makamaka m'mafakitale ndi kwa asilikali.

Mmene kuyeza kunayambira

Woyamba kupeza njira yodalirika anali Mngelezi Benjamin Robins mu 1742. Anapachika chipika cholemera kuti chizilendewera, n'kuwomberamo, n'kuyeza mtunda umene chakankhidwa. Podziwa kulemera kwa chipikacho ndi kwa chipolopolo, ankatha kuwerengera liwiro, ndipo anapezanso kuti mpweya umabweza chipolopolo mwamphamvu kuposa mmene akatswiri ankaganizira. M'zaka za m'ma 1860 msilikali wa ku Belgium, Paul-Émile Le Boulengé, anagwiritsa ntchito magetsi: chipolopolo chikadula waya woyamba, ndodo yachitsulo yogwiridwa ndi maginito inkayamba kugwa, ndipo chikadula wachiwiri, mpeni unkalemba chizindikiro pandodoyo. Kutalika kumene ndodo yagwa kunkasonyeza nthawi. Zida zoti munthu wamba n'kugula zinayamba kufala pambuyo pa 1966, pamene Ken Oehler anatsegula kampani yake ku Austin, m'chigawo cha Texas. Lero wogula amasankha pakati pa mitundu itatu.

Ya kuwala

Mtundu wakale ndiponso wotsika mtengo uli ndi timaso tiwiri toyang'ana kumwamba, totalikirana masentimita 30 kapena 60. Chipolopolo chikadutsa pamwamba pa diso loyamba, kamthunzi kake kamayambitsa wotchi, ndipo chikadutsa palachiwiri wotchi imaima. Pa liwiro la mamita 800 pa sekondi, mtunda wa masentimita 30 umatha m'sekondi 0.000375. Apa m'pamene pagona mphamvu ndi kufooka kwa chidachi. Wotchi yamagetsi siivutika kuwerenga nthawi yochepa chonchi, koma timasoto tikasuntha ndi milimita imodzi yokha, nambala imaphonya ndi mamita pafupifupi 3 pa sekondi. Chida chopindika pakati chimene sichinatambasulidwe mpaka mapeto chimasonyeza liwiro loposa lenileni. Chipolopolo chodutsa mopingasa chimayenda mtunda wotalikirapo, ndipo nambala imatsika.

Chidachi chimaimikidwa pamiyendo itatu mamita 3 mpaka 5 kutsogolo kwa mfuti, kuti mpweya wotuluka kukamwa kwa mfuti usachinamize. Motero nambala yake ndi ya pamalo amenewo, yotsikirako pang'ono poyerekeza ndi ya pakamwa penipeni. Kuima kutsogoloko kulinso ndi ngozi yake: wowomba akaiwala kuti galasi loonera lili masentimita angapo pamwamba pa mpope, amalasa chidacho.

Pagombe la Nkhotakota mtundu umenewu umakumana ndi adani ambiri. Umakonda thambo la mitambo yoyera yofanana, pomwe kuno dzuwa la m'mawa limatulukira kunyanja, n'kubwera chopendekera, ndipo madzi ndi mchenga zimalibweza m'maso. Mwera wa pakati pa May ndi August umagwedeza timadenga tapulasitiki totchingira timaso, nthawi zina n'kugwetsa chida chonse. Utsi wa lupsa ndi fumbi la m'chilimwe zimadetsa magalasi. Nkhungu zikakwera kuchokera m'nyanja n'kuuluzikira kumtunda, tizilombo tambirimbiri timadutsa pamwamba pa timaso tomwe ntchito yake ndi kuona kamthunzi kakang'ono. M'nyumba namonso nyali zamachubu zimaphethira mogwirizana ndi magetsi a ESCOM, ndipo chidacho chimawerenga kuphethirako ngati chipolopolo. Ngakhale zili choncho, mtunduwu suyenera kunyozedwa. Mtengo wake umayambira pa madola a ku America 100 mpaka 150, umayendera kabatire kamodzi ka mavoti 9, ndipo umayeza chilichonse chodutsa pamwamba pake, kaya ndi chipolopolo, muvi kapena jakisoni. Wapamwamba pamtunduwu ndi Oehler 35P, yomwe ili ndi diso lachitatu: imayeza kuwomba kumodzi kawiri n'kuchenjeza ngati nambala ziwirizo sizikugwirizana. Luso limeneli n'lamtengo wapatali, chifukwa zida zina zambiri zimapereka nambala imodzi yomwe munthu alibe poitsimikizira.

Ya maginito

Mtundu wachiwiri, wodziwika ndi dzina la MagnetoSpeed, ndi kandodo kopyapyala komangiriridwa ndi lamba kunsi kwa mpope, n'kutulukira kutsogolo ngati benete. Muli timaginito tiwiri timene timamva chitsulo cha mutu wa chipolopolo chikamadutsa. Dzuwa, mitambo, mphepo ndi nkhungu sizikukhudza, ndipo palibe chifukwa choti munthu apite kutsogolo kwa mfuti. Vuto lake n'lakuti kulemera kwa kandodoko kumasintha mmene mpope umanjenjemerera, moti zipolopolo zingathe kugwera pena. Choncho liwiro limayezedwa padera, kulunjika kwa mfuti padera, ndipo zipolopolo zimatha kawiri. M'dziko limene chipolopolo chilichonse chimawerengedwa n'kulembedwa m'buku, zimenezi n'zolemetsa. Kandodoka sikakhala bwino pamfuti za mipope iwiri, ndipo si koyenera jakisoni wa nthenga kumchira.

Ya radar

Mtundu wachitatu umatsata mfundo imene Christian Doppler anafotokoza mu 1842, yomwenso apolisi apamsewu amagwiritsa ntchito pogwira magalimoto othamanga pamsewu wa M5. Chidacho chimatumiza mafunde a wailesi, mafundewo amagunda kumbuyo kwa chipolopolo n'kubwerera atasintha pang'ono, ndipo kukula kwa kusinthako ndiko liwiro. Chimakhala pambali pa mfuti, sichiikhudza, ndipo kuwala sichikusamala.

LabRadar, imene inafika pamsika cha m'ma 2015, imadzutsidwa ndi kulira kwa mfuti ndipo imatsatira chipolopolo mamita makumi angapo, n'kupereka liwiro pa mitunda yosiyanasiyana. Zimenezi zimathandiza kudziwa mmene mpweya ukuchibwezera. Koma imafuna kulunjikitsidwa mosamala, imadya mabatire msanga moti ambiri amailumikiza ku power bank, ndipo mfuti ya jakisoni yoyendera mpweya, yomwe siilira kwambiri, imafuna chodzutsira chapadera. Chakumapeto kwa 2023 kampani ya Garmin inatulutsa Xero C1 Pro, kachida kokwana m'thumba la shati, kamene panthawiyo kankagulitsidwa madola pafupifupi 600. Kamayeza liwiro kuyambira mamita 30 mpaka 1,500 pa sekondi, kamatchajidwa ngati foni, sikaopa mvula, ndipo kamazindikira kokha kuti chinthu chauluka. Kamapereka liwiro la pakamwa pa mfuti lokha, koma pa ntchito zambiri limenelo ndi lokwanira.

Zida za radar zimafuna malo otseguka kutsogolo. Udzu wautali, mitengo ya msuku ndi ya mombo yoyandikana, kapena malata apafupi zimabweza mafunde n'kusokoneza kuwerenga. Popeza zimatulutsa mafunde a wailesi, woitanitsa kuchokera kunja amachita bwino kufunsa kaye ku MACRA, bungwe loyang'anira mafundewa m'dziko muno.

Chisankho

Pa nyengo ya gombe lino, radar yaing'ono ndiyo yoyenera kwambiri, makamaka ku bungwe lokhala ndi mfuti zamitundu ingapo. Chifukwa chachikulu ndi jakisoni wogonetsa. Ameneyu amauluka pang'onopang'ono, kawirikawiri mosafika mamita 100 pa sekondi, ndipo liwiro lake limasinthidwa ndi dokotala wa nyama malinga ndi mtunda ndi kukula kwa nyamayo. Akathamanga kwambiri amang'amba mnofu kapena kuthyola fupa la nyama yaing'ono ngati mbawala. Akafooka amagwera panjira kapena kudumpha pachikopa cha njovu mankhwala asanalowe onse, ndipo njovu yogona mwatheka ndi ngozi kwa iyo yomwe ndi kwa anthu ali pansi. Chida chimodzi chotha kuyeza jakisoni m'mawa ndi .458 masana chimaposa ziwiri zotsika mtengo. Amene thumba lake silifika pa radar angagule ya kuwala, bola avomereze malamulo ake: kuyeza pamthunzi wofanana kapena tsiku la mitambo, kupukuta timaso, ndi kuimika chidacho pamtunda womwewo nthawi zonse. Ya maginito imayenera munthu wa mfuti imodzi ya mpope umodzi amene akufuna liwiro lokha.

Wogula ayang'anenso zinthu zimene otsatsa malonda satchula kawirikawiri. Chida chosonyeza nambala pagalasi lake chimaposa chodalira foni ndi intaneti, zomwe mkati mwa nkhalango sizidalirika. Batire lake likhale lopezeka pa Nkhotakota boma kapena pa Dwangwa, kapena lotchajika ndi sola. Chizitha kusonyeza mamita, osati mafiti okha. Ndipo popeza chikawonongeka wochikonza ali kutali, kulimba kwake pafumbi ndi pachinyezi cha dzinja n'kofunika kuposa kuchuluka kwa mabatani.

Opanga zida zambiri amalonjeza kuti siziphonya kupitirira gawo limodzi mwa magawo 200, ena mwa magawo 1,000. Pa liwiro la 800, lonjezo loyambalo likutanthauza mamita 4 uku kapena uku. Sikelo ya wogula mpunga pamsika imayenderedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, koma chronograph ilibe mwala woyesera umene munthu angaikepo. Njira yapafupi ndi kusunga bokosi limodzi la zipolopolo zazing'ono za .22 zamtundu wabwino, n'kumawombako zingapo poyamba tsiku lililonse loyeza. Nambala ikachoka pomwe imakhala, ndiye kuti chidacho kapena kaimikidwe kake kalakwika. Pakapezeka mwayi woika zida ziwiri pa kuwomba kumodzi, kusiyana kwake kulembedwe.

Kuwerenga nambala

Kuwomba kamodzi sikunena kanthu, ndipo katatu n'kochepabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pamafunika zipolopolo 10 kuti liwiro lapakati lidziwike bwino, ndi 20 kapena 30 kuti munthu adziwe ngati zipolopolozo zikufanana. Chida chimapereka nambala zitatu. Yoyamba ndi liwiro lapakati. Yachiwiri, yolembedwa ES, ndi kusiyana kwa chothamanga kwambiri ndi chochedwa kwambiri, ndipo imakula zipolopolo zikamachuluka, choncho siingayerekezedwe pakati pa gulu la 5 ndi gulu la 20. Yachitatu, yolembedwa SD, imasonyeza mmene zonse zamwazikira kuzungulira pakati, ndipo ndiyo yodalirika. Kwa wowomba njati pa mamita 50, SD ya mamita 6 kapena 8 ilibe vuto, bola liwiro lapakati likhale lokwana. Kwa wopikisana pa mamita 900, nambala yomweyo imachititsa kuti zipolopolo zina zigwere pamwamba, zina pansi.

Chronograph siyeza mphamvu yopanikiza m'chigoba, ndipo apa m'pamene ambiri amasokera. Mphamvuyi m'mfuti zambiri zamakono ingathe kuposa mabar 4,000, pomwe tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabar awiri okha. Imayezedwa ndi mipope yapadera motsatira malire oikidwa ndi mabungwe a CIP ku Ulaya ndi SAAMI ku America. Chimene chronograph imachita ndi kuchenjeza. Liwiro likaposa lolembedwa m'buku la wopanga wonga, kawirikawiri ndiye kuti mphamvu yopanikizayo yaposanso malire, ngakhale chigoba chikuoneka chabwinobwino. Nambala yokwera chonchi ndi chizindikiro choti kuwomba kuime. Nambala yotsika modabwitsa, kapena kulira kofooka, kumafuna kuti mpope uyang'anidwe kaye, poti mutu ungakhale watsakamira mkati. Pambali pa nambala iliyonse palembedwe tsiku, kutentha kwa mpweya, nambala ya mfuti ndi nambala ya gulu la zipolopolo kapena la wonga. Zoyezedwa mu June, m'nyengo ya mwera, ziyezedwenso mu November.

Malo oyezera asankhidwe chida chisanatulutsidwe m'chikwama. Gombe lotseguka limakopa chifukwa radar imaona bwino pamenepo, koma kuwombera kunyanja n'koopsa kwambiri. Chipolopolo chogunda madzi mopendekera chimadumpha ngati mwala wophwatalala n'kupitirira ulendo, ndipo cha mfuti yaikulu chingathe kufika makilomita oposa 3, komwe kuli mabwato a usipa ndi ana osamba padooko. Kuyeza kuchitikire pamalo ovomerezedwa ndi apolisi kapena ndi oyang'anira nkhalango, mfuti italoza kumtunda, ku chulu chachikulu kapena khoma la dothi lopanda miyala, ndipo mfumu ya dera ndi midzi yoyandikana zidziwitsidwe tsiku ndi ola lake.